Nyumba ya chikole: mmene zimakhalira ku Joni ndi ku Meponda

Ngongole ya nyumba, imene ku South Africa amaitchula kuti bondi, ndi ndalama zimene banki imabwereketsa munthu kuti agulire nyumba, nyumbayo n'kukhala chikole. Kawirikawiri imabwezedwa mwezi ndi mwezi kwa zaka 20. Ntchito ikatha, matenda akalowa pakhomo, kapena chiwongoladzanja chikakwera, wangongole amayamba kutsalira, ndipo banja limakhala pachiopsezo chogona panja.

Ku Joni banki siilanda nyumba tsiku limodzi. Lamulo la National Credit Act la 2005 limati iyambe yatumiza kalata ya chenjezo, yodziwika kuti section 129, youza wangongole kuti akhoza kukaonana ndi mlangizi wa za ngongole kuti akonze kabwezedwe kena. Banki singakasume pasanathe masiku 20 antchito kuchokera pamene munthu anatsalira, komanso masiku 10 antchito kuchokera pamene kalatayo inaperekedwa. Khoti likavomereza, sherifu amagulitsa nyumbayo pa okushoni.

Kale nyumba zina za anthu osauka zinkagulitsidwa pa R100 kapena R10 imene, mwini n'kutsalabe ndi ngongole. Makhoti ndiwo anachepetsa nkhanzazi. Pa mlandu wa Jaftha mu 2004 ndi wa Gundwana mu 2011, khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti nyumba yokhalamo isagulitsidwe khoti lisanaunike nkhani yonse. Pa mlandu wa Nkata mu 2016 linati munthu akalipira zonse zimene anatsalira pamodzi ndi zolipira zovomerezeka nyumba isanagulitsidwe, mgwirizano umabwerera mwakale. Kuyambira 2017, lamulo la makhoti lotchedwa Rule 46A limalola khoti kuika mtengo woyambira pa okushoni.

Ku Meponda, m'mbali mwa nyanja kumadzulo kwa Lichinga ku Mozambique, zinthu n'zosiyana kuyambira pa nthaka. Ndime 109 ya malamulo aakulu a Mozambique imati nthaka ndi ya boma: siigulitsidwa, siiperekedwa chikole, ndipo siilandidwa chifukwa cha ngongole. Lamulo la malo la 1997 limapatsa munthu ufulu wogwiritsa ntchito malo, wotchedwa DUAT, ndipo limazindikira malo a makolo ngakhale palibe pepala. Chimene chingakhale chikole ndi nyumba yomangidwa pamalopo, koma banki imafuna nyumba yolembetsedwa kuboma ndi munthu wa malipiro okhazikika. Msodzi kapena mlimi sakwanitsa zimenezi.

N'chifukwa chake kumudzi nyumba imamangidwa pang'onopang'ono. Chaka chino awotcha njerwa, chaka chamawa agula malata ndi ndalama za usipa kapena zotumizidwa ndi mwana wa ku Joni, chaka china aika simenti pansi. Ena amathandizana m'chipereganyu, chimene ku Mozambique amati xitique. Nyumba yotere imachedwa kutha, koma palibe sherifu wodzagogoda pakhomo.

Komabe ngongole kumudzi imaluma mwanjira yake. Wosowa pogwira amapita kwa wakatapila, n'kupinyolitsa bwato, injini, chilimira kapena njinga. Mwera ukaomba masiku ambiri mabwato osalowa panyanja, chiwongoladzanja chimangokula, ndipo chikole chimapita popanda kalata ya chenjezo. Nkhani ikafika kwa mfumu, nthawi zina wangongole amapatsidwa nyengo yoti apezepeze, koma mgwirizano wapakamwa umavuta kuutsimikiza. Bwato likapita, banja limatsala ndi denga koma lopanda chodyera.

Pali msampha wina wa anthu okhala kunja: kukongola ku Joni kuti amange kumudzi. Ntchito ikaduka, ngongole imatsala ku Joni, nyumba n'kuima pa lintala kumudzi.

Kusiyana kwake ndi kwakuti ku Joni nyumba imalowa chikole mosavuta koma lamulo limapereka mpata wodziteteza, pamene ku Meponda malo ndi otetezeka koma wokongola ali yekha. Konseku chimene chimagwetsa anthu ndi kukhala chete. Wotsalira pa ngongole asabise kalata pansi pa mphasa kapena kuzemba mwini ndalama. Apite msanga akakambirane, zogwirizana zilembedwe pamaso pa mboni, ndipo chida chodyera banja chisaperekedwe chikole.