Cuma ca m'Combo ca Mary Rose

Munthu akamva za combo cimene cinamira kalekale, cinthu coyamba kubwera m'mtima mwace ndi bokosi lodzala ndi ndarama za golidi. Ambiri amene amaphunzira kusambira pansi pa madzi amalota kuti tsiku lina adzalipeza bokosilo, nadzakhala olemera. Koma mbiri ya combo ca Mary Rose isonyeza kuti cuma ca m'zombo zomira ciri ca mtundu wina, ndipo kuti wocipeza akhoza kuciononga ndi manja ace omwe ngati alibe kudekha.

Mary Rose cinali combo ca nkhondo ca Henry VIII, mfumu ya ku England. Pa 19 July, 1545, Afalansa anali atafika ndi zombo zao pafupi ndi doko la Portsmouth, ndipo zombo za Angelezi zinaturuka kukakomana nao. Pamene Mary Rose cinali kutembenuka, cinapendekeka, madzi nalowa pa mazenera a mizinga amene anali otseguka. Pamwamba pa comboco anali atayala ukonde wochingira adani kuti asakweremo, ndipo ukonde womwewo unatsekera eni ace. Mwa anthu pafupifupi 500, opulumuka sanafike 40. Mfumu inaona zonsezi iri kumtunda.

Comboco cinagona cammbali pa matope, pansi pa madzi akuya ngati mapazi 40. Mbali yakumwamba inadyedwa ndi tizirombo ta m'nyanja timene timaboola matabwa monga anankafumbwe acitira ndi cimanga. Koma mbali yakunsi inakwiririka ndi matope osalola mpweya, ndipo zonse za m'menemo zinasungika.

M'caka ca 1836 ukonde wa asodzi unakodwa pa malopo. Anaitana John Deane, amene pamodzi ndi mbale wace Charles anali atapanga cisoti ca mkuwa colowera m'madzi, colandira mpweya wopopedwa kucokera kumwamba. Deane anabvuula mizinga ya mkuwa ndi ya citsulo, mauta ndi matabwa, ndipo m'caka ca 1840 anaphulitsa matope ndi onga kuti afike msanga pa katundu. Zina anagulitsa pa msika. Zambiri za mtengo ndi za citsulo zinaonongeka zitauma, pakuti masiku amenewo panalibe wodziwa kuzisunga. Deane anali munthu wolimba mtima, ndipo anacita monga anzace onse a nchitoyo anali kucitira. Komabe zambiri mwa zimene nyanja inasunga zaka pafupifupi 300 zinatha m'zaka zowerengeka. Pambuyo pace malowo anaiwalikanso.

Munthu waciwiri anali Alexander McKee, wolemba mabuku, amene kusambira pansi pa madzi kunali cabe cokonda cace. Pofika nthawi yace zinthu zinali zitasintha, cifukwa m'caka ca 1943 Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan anapanga cipangizo colola munthu kubereka mpweya wace pamsana m'mabotolo a citsulo, ndipo anthu wamba anayamba kulowa pansi pa nyanja. M'caka ca 1965 McKee anasonkhanitsa anzace a bungwe la osambira la ku Southsea kuti afunefune zombo zakale. Anali anthu a nchito zao zina, osambira pa Loweruka ndi pa Sabata, olipira okha ngalawa ndi mpweya.

Nchitoyo inali yowawa. Madzi a kumeneko ngozizira ndi akuda, kotero kuti nthawi zina munthu saona ngakhale dzanja lace, ndipo amafufuza ndi kupapasa. Pamwamba pamapita zombo zazikuru. Ngakhale McKee anapeza mapu a 1841 osonyeza malowo, pansi panaoneka matope okhaokha. Makina otumiza mau pansi ndi kumva kubwerera kwace anasonyeza kuti m'matopemo muli cinthu, koma cinthuco sicinaoneke ndi maso. Anthu anamseka kuti ali kufuna combo ca mzukwa. Iye sanaleke, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. M'caka ca 1970 anapeza mzinga wa citsulo, ndipo m'mwezi wa May, 1971, mmodzi wa gululo, Percy Ackland, anaona nsonga za matabwa zitaturuka m'matope.

Apa mpamene panali ciyeso cacikuru. Anthu amene abvutika zaka zisanu ndi cimodzi akadatha kuzula zonse zogulitsika ndi kugawana. Iwo anasankha njira ina. Anagwirizana ndi mai wina wodziwa kukumba zinthu zakale, dzina lace Margaret Rule, amene anaphunzira kusambira pansi pa madzi kuti adzionere yekha. Lamulo lao linali lakuti kanthu kali konse kasacotsedwe asanalembe ndi kujambula pamene kagona. Cifukwa cace ncomveka. Mpeni wopezeka pa msika uli mpeni cabe. Koma mpeni wopezeka m'cipinda cakuti, pambali pa zipangizo zakuti, umauza mwini wace anali yani ndi nchito yace. M'caka ca 1973 boma la Britain linaika lamulo lochinjiriza zombo zomira, ndipo Mary Rose cinalowa pansi pa lamulolo m'caka cotsatira.

Kuyambira 1979 kufikira 1982 anthu odzipereka oposa 500 analowa pansi pafupifupi nthawi 28,000, nabvuula zinthu zoposa 19,000. Ndarama za golidi zinalipo zowerengeka cabe. Zocuruka zinali mauta ndi mibvi, nsapato za cikopa, mbale za mtengo, zipangizo za mmisiri wa matabwa, bokosi la sing'anga ndi mitsuko yace ya mankhwala, ndi zipeso zimene zina zikali ndi nsabwe m'mano mwace. Anapezanso mafupa a garu pafupi ndi khomo la mmisiriyo. Mabuku a nthawi imeneyo amanena za mafumu ndi akazembe, koma sanena za cimene mnyamata wa m'combo anali kudya kapena kubvala. Zimenezo zinadziwika ndi tinthu timeneti, timene wofuna ndarama akadataya.

Pa 11 October, 1982, mbali yotsala ya comboco inakwezedwa pamwamba pa madzi, patapita zaka 437. Pokumbukira zimene zinagwera katundu wa Deane, sanalole matabwa kuuma. Anawathira madzi ozizira zaka khumi ndi ziwiri, kenaka mankhwala onga phula olowa m'malo mwa madzi, kufikira 2013, caka cimene nyumba yatsopano yosungiramo comboco inatsegulidwa ku Portsmouth. McKee sanaione nyumbayo, pakuti anamwalira m'caka ca 1992.

Pali cinthu cina cimene wosambira sayenera kuiwala: combo comira ndi manda. M'Mary Rose munapezeka mafupa a anthu 179, ambiri a iwo anyamata osakwana zaka 30. Akatswiri atapima mafupa ndi mano ananena m'caka ca 2019 kuti mmodzi wa iwo, ngakhale anakulira ku England, makolo ace anali a kumpoto kwa Africa. M'caka ca 1984 mmodzi wa akufawo anaikidwa mwaulemu m'kacisi wamkuru wa ku Portsmouth, m'malo mwa anzace onse.

Lamulo la Britain likuti wobvuula kanthu m'combo comira akanene kwa mkuru wa boma woyang'anira zimenezi pasanathe masiku 28. Koma pansi pa nyanja palibe wapolisi. Munthu amakhala yekha ndi mtima wace. Deane ndi McKee anaima pa matope amodzimodzi, ndipo onse awiri anali olimba mtima. Wina anaturuka ndi mizinga nalandira mtengo wace. Wina anadikira zaka 17, nasiyira ana a sukulu combo cimene amapita kukaona lero lino. Mnyamata amene watsiriza sukulu, nalowa nchito imene adzasunga zinthu za eni pamalo popanda womuona, angacite bwino kukumbukira anthu awiriwa.