Mmene Malabu a Makompyuta Asinthira Ine Ndikuona

Ife amene tinaphunzira uinjiniya wa zamagetsi m'zaka za m'ma 1990 tinaidziwira kompyuta m'chipinda chokhoma. Pakoleji yomwe ndinaphunzira, chipindacho chinali ndi makatani okhuthala, makina oziziritsa mpweya, ndiponso buku pakhomo lolembamo dzina ndi nthawi imene walowa. Makompyuta anali ochepa, ophunzira tinali ambiri, choncho aliyense ankapatsidwa nthawi yake. Nthawiyo isanathe n'komwe, mnzako ankakhala ataima kale kumbuyo kwa mpando. Madzulo makina onse ankafunditsidwa nsalu kuopa fumbi.

Kusowa kumeneku kunatizoloweretsa kagwiridwe kathu ka ntchito. Pulogalamu tinkailembera ku hositelo, papepala, m'chinenero cha Pascal kapena C, kenako n'kuitsata mzere ndi mzere pensulo ili m'manja, tikudzifunsa chimene makina achite akafika pamenepo. Pa kiyibodi unkangofikira kutayipa, chifukwa yoganizira nthawi panalibe. Ntchito ya teremu yonse inkakhala pa kadisiki ka floppy kotenga 1.44 MB, malo amene chithunzi chimodzi cha foni ya lero sichingakwanemo bwino. Kadisikiko sikankagwirizana ndi kutentha, fumbi kapena maginito, ndipo wochenjera aliyense ankakopera ntchito yake pa kenanso.

Panali labu inanso, ya zamagetsi, imene alendo sankaonetsedwa kawirikawiri chifukwa sinali yokongola. Munali mabenchi aatali a matabwa odzaza zipsera za chowotcherera, ma oscilloscope olemera, mamita oyezera magetsi, ndi timadirowa ta ma resistor ndi ma transistor. Chapakona panali timabolodi tophunzirira microprocessor ya Intel 8085. Kabolodi kotere kalibe sikirini yeniyeni. Kali ndi timabatani ta manambala 0 mpaka 9 ndi zilembo A mpaka F. Malangizo unkawasandutsa wekha kukhala manambala, n'kuwalowetsa limodzilimodzi, kuti kababu kakang'ono kayake ndi kuzima pa nthawi imene iwe walamula. Tsiku limene kanandiyakira ndinadziwa kuti mu kompyuta mulibe matsenga. Muli magetsi oyenda m'njira zimene munthu anakonza, ndipo munthu wina angathe kuzilondola, kuzisintha, ndi kuzikonza zikawonongeka. Uinjiniya wa makompyuta wagona pamenepo, ndipo ndi wosiyana ndi kungodziwa kugwiritsa ntchito kompyuta.

Eni ake enieni a labuyo anali a tekinishani, bambo achikulire amene dzina lawo silinalembedwe pa satifiketi ya aliyense wa ife. Wailesi yakufa sankaitaya. Ankaiphwasula n'kusanja tizipangizo take m'zitini. Transformer ikapsa ankaikulunganso waya ndi manja awo. Sankalola kuti ulumikize chilichonse ku magetsi usanawaonetse zimene mita yawerenga. Aphunzitsi anatipatsa masamu ndi mfundo, koma luso la manja tinalitenga kwa bambowa, ndipo ndi limene landidyetsa zaka zonsezi.

Kafukufuku ndiye anali wovuta zedi. Magazini a sayansi ankafika mu laibulale mochedwa, ena osafika n'komwe. Mphunzitsi wofuna nkhani ya katswiri wa kunja ankalemba kalata ya papositi n'kumadikira. Zinthu zinayamba kusintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene Dr Paulos Nyirenda ndi anzawo ku Chancellor College anakhazikitsa imelo yodzera mu Fidonet. Makalata ankasonkhana pa kompyuta imodzi, ndipo nthawi ikakwana ankatumizidwa onse pamodzi pa waya wa telefoni, obwera n'kulandiridwa nthawi yomweyo. Intaneti yeniyeni inafika m'dziko muno mu 1997 kudzera ku kampani ya MalawiNet. Mu 2005 bungwe la malaibulale la MALICO linaimika madishi a setilaiti m'makoleji angapo kuti ophunzira ndi aphunzitsi aziwerenga magazini a pa intaneti, koma setilaiti inali yodula komanso yochedwa. Tinapumako zitabwera zingwe za pansi pa nyanja, SEACOM mu 2009 ndi EASSy mu 2010. Popeza Malawi sanafike ku nyanja ya mchere, faiba inachita kutipeza kudzera ku Mozambique ndi Tanzania. Lero mayunivesite athu ali ndi netiweki yawoyawo ya MAREN, membala wa UbuntuNet Alliance, bungwe la manetiweki a kafukufuku kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa kuno, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe. Nkhani imene mphunzitsi wanga ankaidikira miyezi, wophunzira wa chaka choyamba akuitsegula pa foni ali pamzere wa nsima.

Malo ophunzirira nawo awonjezeka. Mu 2014 yunivesite ya MUST inatsegulidwa ku Ndata m'boma la Thyolo, ndipo maphunziro a makompyuta ali m'gulu la zimene imaphunzitsa. Mu 2021 Polytechnic ya ku Blantyre inaima payokha n'kukhala MUBAS. Zimene ife tinkaphunzira monga kagawo chabe ka uinjiniya wa zamagetsi, lero zakula n'kulowa m'dzina la digiri.

Komabe chimene chimandisangalatsa koposa ndi kutsika mtengo kwa zida. Arduino, kabolodi kamene kanatulukira ku Italy mu 2005, ndi Raspberry Pi, kakompyuta ka ku Britain kamene kanayamba kugulitsidwa mu 2012 pa madola 35, zachititsa kuti wophunzira aziyenda ndi labu yaing'ono m'chikwama. Mwana wa mlongo wanga, amene akuchita uinjiniya umenewu, anandionetsa kachipangizo kamene anapanga koyeza madzi m'thanki: thanki ikadzaza kamazimitsa pampu n'kutumiza uthenga pa foni. Anakapangira pabedi ku hositelo. Anandiuza kuti kabolodi koyamba kanapsa, iye n'kusonkha ndalama ndi anzake kugula kena. M'masiku athu kupsereza chip unali mlandu wokayankha ku ofesi, motero ambiri tinkagwira zida manja akunjenjemera. Iyeyu ali ndi ufulu woyesa, kulephera ndi kuyesanso, ndipo injiniya amakhwima ndi ufulu umenewo.

Taonanso zimene zimachitika luso lotere likakumana ndi mavuto a kwathu kuno. Kuyambira mu 2001, a Baobab Health anaika pa chipatala cha Kamuzu Central makompyuta a sikirini yogunda ndi chala olembera odwala, osadya magetsi ambiri komanso otha kuyendera mabatire magetsi akazima. Sinali ntchito ya yunivesite, koma inaonetsa kuti chida chopangidwa moganizira fumbi ndi magetsi athu chimakhalitsa. Mu 2013 gulu lotsogoleredwa ndi Dr Chomora Mikeka ku dipatimenti ya Physics ku Chancellor College, mogwirizana ndi bungwe la MACRA, linayesa kutumiza intaneti pa mafunde a wailesi yakanema amene sakugwira ntchito, n'kulumikiza malo monga sukulu ndi chipatala m'boma la Zomba. Mu 2016 Polytechnic, mothandizana ndi Rice University ya ku America, inatsegula Design Studio, chipinda chokhala ndi mapulinta a 3D ndi mabenchi owotchererapo, momwe ophunzira amapanga ndi kuyesa zida, makamaka za m'chipatala. Mu 2017 boma ndi UNICEF anapatula dera loyeserako ma drone ku Kasungu, ndipo mu 2020 African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata kumanga ndi kuulutsa timakina timeneti. Konseku zinthu zinayenda chifukwa anthu analoledwa kugwira zida, kuzitsegula ndi kuzitembenuzira ku vuto limene lili pamaso pawo.

Nkhawa yanga ili pakuti chizolowezi chakale sichinathe ngakhale zida zachuluka. Ndinaitanidwapo pasukulu ina kukaona mapulojekiti a ophunzira omaliza. Nyumba inali yatsopano, matailosi akuwala, koma zida zina zoyezera zinali zikadali m'makatoni chifukwa wodziwa kuzilumikiza panalibe. Ma oscilloscope ena anali ataunjikidwa pa shelefu kaamba ka fyuzi kapena waya woyezera. Ophunzira anandionetsa madera a magetsi ojambulidwa bwino pa sikirini, akuyenda mosalakwitsa mu pulogalamu yoyerekezera, koma ena mwa iwo anali asanawotchererepo waya. Pulogalamu yoyerekezera ndi yothandiza, inenso ndimaigwiritsa ntchito, koma siikuuza kuti waya walekana m'kati, kuti magetsi a pakhoma akwera mwadzidzidzi, kapena kuti chinyezi cha nyengo ya dzinja chadya zolumikizira. Mnyamata wokonza mafoni pamsika wa Limbe amazidziwa zimenezi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti wa digiri atuluke asakuzidziwa.

Gwero la vutoli ndi losabisika. Ndalama zomangira nyumba ndi zogulira makina akuluakulu zimapezeka, kawirikawiri kuchokera ku ngongole kapena kwa abwenzi akunja, chifukwa pamakhala mwambo wodula riboni. Ndalama zing'onozing'ono za mwezi ndi mwezi, zogulira mtovu wowotcherera, ma sensor, mafyuzi ndi pulasitiki wa pulinta ya 3D, ndi zimene zimasowa. Tonse tinauonapo mjigo wokumbidwa ndi mamiliyoni utaima chaka chathunthu chifukwa cha kalabala kakang'ono kotha. Labu nayo imafa imfa yomweyo. Tizipangizo pafupifupi tonse timachokera kunja ndipo timafuna ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa kabolodi kalikonse unakwera nthawi yomweyo. Ndondomeko zogulira katundu nazo zinapangidwira zinthu zikuluzikulu, moti kanthu kotchipa kangathe kudikira makalata mpaka teremu kutha. Pamwamba pa zonsezi, matekinishani aluso amakopeka ndi makampani a mafoni ndi mabanki, kumene malipiro ndi ulemu n'zokulirapo.

Palinso wophunzira amene sitimuona. Popeza ambiri ali ndi malaputopu, pali chiyeso choganiza kuti labu ya onse yatha ntchito. Koma mtengo wa kompyuta sunachoke. Wangosamuka kuchoka pa yunivesite kupita pamutu pa kholo. Mwana wochokera ku sekondale yoyendera ya kumudzi, amene fizi yake yachokera m'matumba a soya ndi mtedza, amafika pakoleji alibe laputopu, nthawi zina asanaigwirepo n'komwe. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19 ndipo ena atayesa kuphunzitsa pa intaneti, kusiyana kumeneku kunaonekera poyera: wina anali ndi laputopu ndi intaneti kunyumba, wina ankakwera chulu kusaka netiweki ndi foni yobwereka. Kwa mwana wachiwiriyu, labu yotsegula mpaka usiku ndiyo imamufananitsa ndi anzake.

Magetsi nawo akadali mbali ya labu imene sitingaiiwale. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kunakhala kwa miyezi yambiri. Seva ikazima pakati pa ntchito, mawerengedwe a masiku angapo amatha kutayika. Sola ndi mabatire pa labu ndi zida za kafukufuku mofanana ndi makompyuta eni akewo, ndipo kuziika ndi kuzisamalira kungakhale phunziro la ophunzira omwewo. Izi n'zofunika kwambiri tsopano pamene kafukufuku wa AI, kuphatikizapo wophunzitsa makina Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, akufuna makompyuta amphamvu okhala ndi ma GPU, odula komanso odya magetsi. Si sukulu iliyonse ingagule akeake. Nzeru ndi kuika makina otere pamalo amodzi odalirika, ofufuza a ku Mzuzu, Zomba, Thyolo, Lilongwe ndi Blantyre n'kumawagwiritsa ntchito kudzera pa netiweki ya mayunivesite imene tili nayo kale.

Ndaona zambiri zikusintha, ndipo sindilakalaka kubwerera m'mbuyo. Ana a lero ali ndi mwayi umene ife sitinkaulota. Pempho langa likupita kwa akuluakulu a mayunivesite ndi a Unduna woona za maphunziro: pa bajeti ya labu iliyonse pakhale ndalama zotetezedwa za tizipangizo ndi zokonzera, zimene mkulu wa dipatimenti angatulutse msanga popanda makalata ambirimbiri. Matekinishani apatsidwe maphunziro, makwerero a pantchito ndi malipiro owasunga pasukulu. Wophunzira aliyense asalandire digiri ya uinjiniya wa makompyuta asanamange chida chogwira ntchito ndi manja ake, ndiponso asanakonzepo chowonongeka.

Ifenso amene tinadutsa m'malabuwa tili ndi ngongole. Ambiri tili m'makampani momwe maseva, ma router ndi mamita amachotsedwa akadali amoyo n'kukawolera m'zipinda zosungira katundu. Zida zimenezi tizipereke ku sukulu kuti ana aziphwasule ndi kuphunzirapo. Tiwatenge ophunzira pa tchuthi adzagwire nafe ntchito yeniyeni. Amene muli ku Johannesburg, London kapena kwina kulikonse, pobwera kumudzi ikani m'chikwama timabolodi ndi ma sensor, mukatule ku dipatimenti imene inakuphunzitsani. Izi sizifuna ngongole ya kunja kapena chilolezo cha wina aliyense, ndipo tingathe kuyamba teremu ikubwerayi.