Funso la Mng'ono Wanga Pamoto

Achinyamata anzanga, sabata ino ndikufuna ndikuuzeni za funso limene linandisowetsa chonena kumayambiriro kwa chaka cha 2023, kolera itafika pachimake m'boma lathu la Lilongwe.

Masiku amenewo amayi ankaphitsa madzi akumwa madzulo aliwonse, ndipo ife ndife tinkasaka nkhuni, zomwe kuno kwa Chitukula zimapezeka movutikira. Tsiku lina mng'ono wanga anabwera kuchokera kusukulu atamva kuti pansi pa nyanja pali mabakiteriya okhala m'madzi otentha kwambiri. Anaponya mtolo wake pansi nati, "Achimwene, ngati tizilombo timakhala ndi moyo m'madzi otentha chotero, tikutheranji nkhuni?" Amayi anangondiyang'ana, poti pakhomo pathu ndine ndinapita patali ndi sukulu. Ndinadziwa kuti ndikalephera kuyankha, mawa lake wina adzamwa madzi osaphitsa.

Safunsa anadya phula, choncho ndinafufuza. Mtundu wina wa mabakiteriyawa umatchedwa Thermotoga. Akatswiri anaulengeza mu 1986, ataupeza m'matope otentha a pansi pa nyanja pafupi ndi chilumba cha Vulcano ku Italy. Umakula bwino pa madigiri 80, umapirira mpaka 90, koma kutentha kukatsika kupyola madigiri 55 umaleka kuswana. Thupi la munthu ndi la madigiri 37, kotero kwa tamoyo timeneti thupi lathu ndi chisanu. Kachilombo ka kolera ndiye kamaswana bwino m'mimba mwa munthu, ndipo madzi akawira kamafa. Mng'ono wanga atamva zimenezi anatola mtolo wake uja.

Pofufuzapo ndinapezanso chinthu chimene sindinkachiyembekezera. Mu 1969, Thomas Brock ndi mnzake analengeza za bakiteriya wotchedwa Thermus aquaticus, wa m'akasupe otentha a ku Yellowstone ku America, ofanana ndi akasupe athu a ku Nkhotakota ndi ku Chiweta. Mwa iye akatswiri anapezamo puloteni yosawonongeka ndi kutentha, imene inafewetsa njira yoyezera matenda yotchedwa PCR.

Apa mtima wanga unagunda. Mwana wa mlongo wanga atakwanitsa masabata asanu ndi limodzi, anamutenga timadontho ta magazi kuchidendene kuti aone ngati sanatengere HIV kwa mayi ake. Tinadikira tulo tisakubwera, mpaka uthenga unafika wakuti alibe. Njira yoyezera makanda otere ndi PCR yomweyo. Sindinkadziwa kuti mpumulo wa tsiku limenelo unachokeranso kwa kamoyo kosaoneka ndi maso, kokhala pamalo pamene dzanja langa silingapirire.

Anzanga, sabata ino mwana akakufunsani funso lovuta, musamukalipire kapena kumuyankha mongoganizira. Kafufuzeni, mubwere naye yankho loona. Ndipo madzi akumwa tipitirize kuphitsa.