Mayi a Mipando

Mu mzinda wa Blantyre muli kalabu ina yophunzirira kulankhula pagulu imene imakumana kawiri pa mwezi, Lachinayi madzulo, m'chipinda chobwereka cha pansanjika. Msonkhano umayamba 6 koloko, koma kuyambira 2017 mpaka 2024 chitseko chinkatsekulidwa 5 koloko, ndipo wotsekula anali mmodzi yemweyo: mayi wina wogwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ya ku Ginnery Corner. Ankafika atakolekera chikwama chansalu momwe munali kanyundo ka wapampando, mbendera ya kalabu, timapepala tovotera ndi makadi atatu osungira nthawi, lobiriwira, lachikasu ndi lofiira. Ankasesa, kuyala mipando, kenaka n'kuima pakhomo kulandira alendo. Anzawo anawapatsa dzina lakuti Mayi a Mipando, ndipo ena mwa olowa kumene ankatha chaka osadziwa dzina lawo lenileni.

Kalabuyi imatsata dongosolo la Toastmasters International, bungwe limene Ralph C. Smedley analiyambitsa pa 22 Okutobala 1924 ku Santa Ana, m'dera la California ku America. Cholinga chake chinali chakuti anthu aziphunzira kulankhula mwa kulankhula kumene, pamaso pa anzawo amene akuwafunira zabwino. Pa msonkhano uliwonse pamakhala wosunga nthawi, wowerengera timawu todzazira mpata monga "aa" ndi "ee", woyang'anira galamala ndiponso wounika zimene mnzake walankhula. Maudindo a komiti alipo 7, kuyambira pulezidenti, achiwiri ake atatu, mlembi ndi msungichuma, ndipo wotsiriza pa mndandanda ndi Sergeant at Arms, amene ntchito yake ndi kusamala chipinda ndi katundu. Udindo wotsirizawu ndi umene mayi aja anausenza.

Chimene chinawabweretsa ku kalabu chinali chibwibwi. Kuntchito ankadziwa bwino mabuku a ndalama, koma akauzidwa kuti afotokoze pamaso pa mabwana, lilime linkakakamira pa mawu oyamba mpaka wina n'kuwamalizira chiganizo. Nkhani yoyamba ya membala watsopano, imene amaitcha Ice Breaker, imayenera kutenga mphindi 4 mpaka 6. Iwo anakonza zonena za amayi awo amene anawaphunzitsa sukulu ndi ndalama zogulitsa zitumbuwa mu msika wa Limbe, koma khadi lofiira linakwezedwa asanafike ndi pakati pomwe. Sanagwe ulesi. Anapitiriza kukamba nkhani zawo pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, ngakhale kuti mpikisano sanalowepo ndi umodzi womwe. Pa chisankho cha mu Meyi 2017, udindo wosamala chipinda utasowa woufuna, iwo anakweza dzanja, ndipo chaka chilichonse chotsatira anthu ankangoti, "Mayi athu apitirize."

Kunena zoona, dongosolo la bungweli silinyozera utumiki. Ulemu wake wapamwamba, wa Distinguished Toastmaster, saupereka kwa munthu chifukwa cha kulankhula kokha, koma amafunanso kuti akhale atatumikirapo pa maudindo. Vuto lili pa chibadwa cha omvera. Pa msonkhano uliwonse anthu amavotera amene walankhula bwino, ndipo mipikisano imakwera kuchokera pa kalabu mpaka pa chigawo chachikulu. Manja amaombedwa pamene pamveka mawu. Mpando woyalidwa bwino ulibe mawu, ndipo munthu amaukumbukira tsiku limene waupeza palibe.

Tsiku lotero linayandikira kawiri. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utaletsa misonkhano, kalabu inasamukira pa Zoom, ndipo zinaoneka ngati wosamala chipinda watha ntchito. Mayi aja anayamba kuimbira foni mamembala mmodzimmodzi, kuphunzitsa achikulire kalowedwe kake, ndi kutsekula msonkhano wa pa intaneti 5 koloko monga ankachitira ndi chitseko. Kachiwiri linali vuto la ndalama. Msonkho wa umembala umalipiridwa kawiri pa chaka m'madola a ku America, ndipo mu Okutobala 2023 unakwera kuchoka pa madola 45 kufika pa 60. Mphamvu ya kwacha inali itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mamembala amene kale anali oposa 20 anatsala 9, pamene lamulo limafuna osachepera 8 kuti kalabu iziwerengedwa yamoyo. Odziwa kulankhula anakamba nkhani zogwira mtima za kupirira. Mayi a Mipando anayenda m'maofesi pa nthawi ya nkhomaliro, kupempha amene anasiya kuti abwerere, ndipo anapereka maganizo akuti anthu azisonkha pang'onopang'ono mwezi uliwonse kwa msungichuma, monga amachitira amayi a banki mkhonde. Pofika mu Epulo 2024, olipira anakwana 14.

Chaka cha kalabu chimatha pa 30 Juni, ndipo komiti inakhala pansi, mayi aja atatumidwa dala kwina, kuti isankhe woyenera kulandira chikho cha membala wa chaka. Panali mnyamata wina, loya, amene chaka chimenecho anapambana mipikisano iwiri yotsatizana n'kutchukitsa kalabu kunja kwa mzinda. Omuikira kumbuyo anali ndi mfundo zomveka. Anati iyi ndi kalabu ya kulankhula, ndipo alendo amabwera chifukwa amva kuti kuno kumatuluka akatswiri. Anati kupereka chikho chifukwa cha kuyala mipando n'kusokoneza chifundo ndi luso, ndipo mwina mwini wakeyo adzaona ngati akumupepesa.

Amene anayankha anali bambo wina wachikulire, mphunzitsi wa Chichewa wopuma pa ntchito. Anapempha anzake kuti aonetsetse mawu awiri amene ankawasiyanitsawo. Mawu akuti mtsogoleri, iwo anatero, sachokera ku mneni kutsogola, pakuti wotsogola ndi aliyense amene wapezeka patsogolo, ngakhale wothawa. Amachokera ku kutsogolera, mneni wa msintho womchitira, wofanana ndi kuphikira kapena kumangira, amene sakwanira popanda munthu wina womuchitira. Kutumikira nakonso kuli ndi msintho womwewo, kungoti mawu ena amatenga -er- ndipo ena -ir- malinga ndi lembo la liwu limene lili m'tsinde. "Chilankhulo chathu," anatero bambowo, "chinagamula kale kuti mtsogoleri ndi amene wapita patsogolo chifukwa cha ena. Tsono ndifunse, anzanga: ndani wakhala akutitsogolera pakhomo pano ndi ola lathunthu?" Anakumbutsanso kuti pa maliro kumudzi amalankhula ndi akuluakulu, koma wolankhula amene waiwala kuthokoza adzukulu okumba manda amaonedwa ngati sadziwa mwambo.

Loya uja, amene analinso mu komiti, anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Bambo, mwanena zoona. Tsiku limene ndinabwera koyamba ndinafuna kubwerera pa masitepe. Amene anandigwira dzanja ndi mayi aja." Voti inadutsa popanda wotsutsa.

Madzulo a mwambowo mayi aja anafika 5 koloko monga mwa masiku onse, nayala mipando ya mwambo wawo womwe osadziwa. Dzina lawo lenileni litatchulidwa, anayamba ayang'ana kumbuyo ngati pali wina. Anapita kutsogolo, nalandira chikho ndi manja awiri atapinda maondo pang'ono. Wapampando anawapatsa mphindi 2 kuti anenepo mawu. Chibwibwi chinabwera, monga chimachitira mtima ukadzaza, ndipo mphindi ziwirizo zinatha ali pa malonje. Mtsikana amene ankasunga nthawi anagwira khadi lofiira, naliyang'ana, n'kuliika chafufumimba pa tebulo. Palibe amene anawamalizira chiganizo.

Anathokoza onse, natchula amayi awo a zitumbuwa, namaliza nkhani imene inadulidwa pa tsiku lawo loyamba. Kenaka ananena mawu amene komiti sinawayembekezere. "Chikho ndalandira, zikomo kwambiri. Koma abale anga, kwa zaka 7 mwakhala mukunena kuti mayi athu apitirize, ndipo ine ndinkaona ngati ndi ulemu. Mwana wanga analemba mayeso a Fomu 4 ine ndili pano kuyala mipando. Tsono ndifunse, Lachinayi likudzali abwere 5 koloko ndani?"

M'chipindamo munagwa bata la mtundu wina. Funsolo linaulula chinthu chimene mabungwe ambiri, a mpingo, a sukulu ngakhale a ndale, safuna kuchiona. Kuyamika wotumikira kumatha kukhala njira yomusiyira katundu pamutu, popeza amene watamandidwa kuti satopa amachita manyazi kunena kuti watopa. Chikho chimanena kuti anthu aona ntchito, koma sichichepetsa kulemera kwake. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo kalabu imene inkaphunzitsa utsogoleri inali itasiyira denga lake mutu umodzi kwa zaka zonsezo, uku ikuomba m'manja.

Usiku womwewo mlembi anatulutsa pepala, ndipo mamembala analemba mayina awo awiriawiri, aliyense ndi Lachinayi lake. Popeza wosankhidwa kukhala wachiwiri kwa pulezidenti woona za maphunziro anali atasamutsidwira ku Lilongwe, kalabu inachita chisankho chapadera mu Julayi, ndipo udindowo unapita kwa mayi aja. Ndiwo anayamba kukonza ndandanda ya olankhula ndi kusankhira atsopano owathandiza.

Chikwama chansalu chinapita kwa loya uja, amene anadzipereka yekha kukhala Sergeant at Arms. Lachinayi lake loyamba anafika mochedwa ndi mphindi 20, anaiwala timapepala tovotera, ndipo anayala mipando moyang'anitsa ku zenera. Mayi aja anafika nthawi itatsala pang'ono kukwana 6 koloko, kwa nthawi yoyamba chilowereni. Anaima pakhomo, nayang'ana chipindacho, ndipo manja awo anafuna kugwira mpando wapafupi. Anadziletsa. "Achimwene," anatero, "tembenuzani mizereyi iyang'ane kukhoma. Ine ndikhala apa ndikuuzeni ikawongoka."