Ndinatsala ndi maulendo 37 kuti ndimere mapiko

Kwathu ku Bembeke ukangonena kuti umauluka, anthu safunsa kuti pa ndege yanji. Amayamba asuzumira kukhitchini kuti aone ngati lichero la mayi ako lilipo. N'chifukwa chake nkhaniyi ndakhala ndikuisunga m'sutikesi pamodzi ndi kabuku kanga kobiriwira. Lero ndaganiza zoitulutsa, onena anene.

Ndinapita ku Joni mu 2009 monga amapitira anyamata onse, ndi chikwama cha pulasitiki komanso nambala ya foni ya msuweni. Ntchito yomwe ndinapeza inali yotchetcha udzu pa kabwalo kena ka ndege kunja kwa tauni, komwe anthu a ndalama zawo amapita Loweruka kukadziponya kuchokera m'mwamba. Mwezi woyamba ndinkangogwira pakamwa. Munthu wa mutu wake, wa ana ndi galimoto, kulipira kuti atuluke m'ndege yomwe sinaonongeke!

Kenaka anandiphunzitsa kupinda parachuti. Ntchito imeneyi, awerengi, si yopinda zofunda ayi. Chingwe chilichonse chili ndi malo ake, ndipo ukalakwitsa wofa si iwe koma mwini wake. Ankatilipira pa parachuti iliyonse, ndipo ndalama zina ndinayamba kuzisiya ku ofesi kuti zisanduke maulendo anga.

Ulendo woyamba anandimangirira pamimba pa mphunzitsi ngati mwana wobereka chakutsogolo. Chitseko chinatsekuka tili pamtunda wa mamita oposa 3,000. Kuti mumvetse bwino, phiri la Dedza ndi mamita 2,198 kuyeza kuchokera pa nyanja ya mchere. Ukatuluka umagwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola. Ndinakuwa "Mayo ine!" koma mphepo inandibwezera mawuwo kukhosi.

Sukulu yake ili ndi makwerero. Umayamba ndi aphunzitsi awiri, wina kumanja wina kumanzere, atakugwira ovolosi. Pambuyo pake amatsala m'modzi, mapeto ake umatuluka wekha. Ukakwanitsa maulendo 25 ndi mayeso ake umalandira chiphaso choyamba. Ulendo uliwonse umalembedwa m'kabuku ndipo wina amasainira.

Zinthu zinandisokonekera tsiku lomwe ndinaona suti ya mapiko, yomwe eni ake amati wingsuit. Ndi chovala chokhala ndi nsalu pakati pa mkono ndi nthiti, ndi ina pakati pa miyendo. Mpweya umalowa m'timatumba n'kuifufumitsa, munthu n'kuoneka ngati mleme. M'malo mogwa ngati mwala, amapita kutsogolo mamita ngati atatu pa mita iliyonse yomwe watsika. Potera amatsekulabe parachuti, koma asanatero amakhala atauluka ndithu. Ine tulo tinatha.

Vuto linali nambala. Bungwe la ku America la USPA limati munthu asavale suti imeneyi asanakwanitse maulendo 200, ndipo mphunzitsi wathu ankati pasanafike pamenepo ngakhale kukambirana sitikambirana. Ine ndinali pa 141. Azungu aja ankadumpha kasanu pa tsiku, pamene ine ulendo umodzi unkandidyera thukuta la masiku angapo, kwinaku kumudzi akudikira ndalama ya feteleza.

Ndiye ndinachita zopusa. Usiku wina ndinatenga mabolopeni awiri osiyana inki n'kuyamba kudzaza masamba. Ndinadzipatsa maulendo 60 omwe sindinadumphe, masiginecha ndikupeka ndekha. Patatha miyezi ingapo ndinakapereka kabukuko nkhope ili gwa.

Bambo uja sanakalipe. Anatsekula masamba pang'onopang'ono, n'kuloza deti lina. "Tsiku ili kunagwa mvula, ndege sinanyamuke," anatero. Basi. Manyazi anandigwira mpaka m'zikhadabo.

Anandikhazika pa benchi nandifotokozera chifukwa chake nambalayo ilipo. Mu suti ija manja amakhala omangika. Parachuti ikatsekuka mokhota, zingwe zitapotana, uyenera kuyamba wamasula mazipi kuti ufikire zowongolera, pamene nthaka ikubwera osadikira. Thupi liyenera kudziwa lokha chochita, mutu usanaganize, ndipo thupi silingawerenge kabuku kabodza. Anatchula za telala wa ku Paris, Franz Reichelt, yemwe pa 4 February 1912 anadumpha pa Eiffel Tower ndi chovala chosoka yekha n'kufera pomwepo. Koma yomwe inandilasa inali ya Patrick de Gayardon, Mfalansa yemwe anakonza suti yamakonoyi m'zaka za m'ma 1990. Katswiri wa maulendo zikwizikwi ameneyu anafa ku Hawaii mu April 1998, osati chifukwa cha mapiko, koma chifukwa cha kanthu komwe anasintha pa chikwama cha parachuti yake. Ine wopinda maparachuti a anthu ndinamva bwino lomwe chomwe ankandiuza: munthu wonama m'kabuku anganamenso popinda.

Anajambula mzere wofiira pa masamba onse abodza aja, ntchito osandichotsa. Ndinayambiranso pa 142.

Ndinali nditafika pa 163 pamene mu April 2015 zipolowe zothamangitsa alendo zinabuka ku Durban n'kufalikira ku Johannesburg. Boma lathu linatumiza mabasi. Kumene ndinkakhala kunalibe phokoso kwenikweni, koma amayi analira pafoni. "Iwe, ndakupirira pa zouluka zakozo. Ufuna ndipirirenso zikwanje? Bwera kuno." Ndinabwera.

Tsopano ndimalima kachewere ndi kabichi. Nditabwerera ndi pomwe ndinamva za Godfrey Masauli, Mmalawi woyamba kuuluka ndi paraglider, uja anaphunzira kwa Benjamin Jordan wa ku Canada n'kukauluka kuchokera pa phiri la Mulanje. Nkhani yake ili mu kanema wa The Boy Who Flies wa 2013. Paraglider sifuna ndege kapena mafuta. Umathamanga pa chitunda, nsalu n'kudzuka pamutu pako, ndipo ukapeza mpweya wotentha womwe ukukwera umazungulira nawo monga achitira kabawi. Ndinatsika msewu wa Khwekhwerere mpaka ku Mganja n'kukaona ndi maso anga anyamata a konkuno akuyandama pamwamba pa chigwa cha Golomoti, nyanja ikunyezimira kutali. Ndinayesako, ndipo n'zokoma kwabasi. Koma ndisakunamizeni, si zomwe mtima wanga unkafuna, ndiponso m'kabuku kaja sizilowa.

Mayi a kunyumba amati ndigulitse chipewa changa chodumphira tigule matumba awiri a feteleza, ndipo mwina akunena zoona. Sabata yatha mwana wanga wamkazi wa Sitandade 5 anapeza kabukuko akufuna pepala la masamu. Anandifunsa kuti, "Ababa, mizere yofiirayi ndi aphunzitsi anakuchongerani?"

Ndinati eya, ndinalakwa samu. Anawerengetsa ndi zala kuchokera pa 163 n'kundiuza kuti kwatsala 37.