Denga loti ungaliyang'anire uli kutali

Ambirife kunja kuno tikumanga kumudzi kudzera pa foni. Timatumiza ndalama, abale amatumiza zithunzi pa WhatsApp, nyumba nkumakwera. Khoma likangofika pamwamba pa mawindo, mkangano umabuka: denga likhale lotani? Ifenso tafika pamenepo ndi nyumba ya amayi ku Zomba. Achemwali akufuna hidden roof, lija malata amabisika kuseri kwa khoma, ati ndiye fasho. Ine ndaima pa gebulo, denga la mbali ziwiri zokumana pamwamba.

Ndimagwira ntchito ya makompyuta ku Leeds, ndipo chomwe ndimaona tsiku ndi tsiku nchakuti vuto limakonda kuyambira polumikizira. Waya saduka pakati chisawawa, amavuta kumutu. Denganso nchimodzimodzi, limadontha pomwe malata adulidwa, apindidwa kapena akumana ndi khoma. Gebulo lili ndi mzere umodzi wokha pamwamba. Malata amakhomedwa athunthu, zidutswa zotayika nzochepa, mitengo yake simafuna masamu ambiri. Kalipentala aliyense wapaboma amalidziwa.

Hidden roof ndi lokongola, sindikukana. Koma madzi ake onse amadutsa m'ngalande yobisika m'kati mwa khoma. Tiwerengere limodzi: mvula ya mamilimita 20 pa denga la masikweya mita 100 ndi malita 2,000, madiramu 10 amphumphu. Masamba a mango akatseka ngalandeyo mu Januwale, madziwo alowera kuti? Mu siling'i. Ndiye akwere ndani kukachotsa masambawo, amayi okalamba aja? Pa gebulo madzi amatsetsereka okha nkugwera panja, ndipo ukafuna umawakolola mu thanki.

Kwa ife akutali pali phindu lina. Gebulo silibisa kanthu. Mwana wa achimwene akajambula kutsogolo ndi m'mbali, ndimatha kuwerenga malata, kuona ngati mzere wapamwamba wawongoka, ngakhale kufunsa chifukwa chake mulu wa geji 28 womwe ndinalipira ukuoneka wopyapyala ngati 32. Denga lobisika umangokhulupirira mawu a mmisiri.

Ndipo musaliyese lachikale. Kuno ku Britain nyumba zambiri zatsopano zikumangidwabe ndi denga lotere. Mpata wa pansi pake, omwe amautcha loft, ndi momwe timadutsitsa mawaya a intaneti. Kwathu mpata womwewo ungathandize pa kutentha kwa Okutobala: ukasiya tizenera ta mpweya pa makoma awiri a gebulo, mpweya wotentha umatuluka m'malo motsikira m'zipinda. Komanso poti Malawi ali kummwera kwa equator, mapanelo a sola amayenera kuyang'ana kumpoto. Mzere wapamwamba ukayenda kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, mbali imodzi yonse ya denga imakhala yokonzekera sola.

Chofooka chake ndi mphepo, ndipo apa achemwali ali ndi mfundo. Khoma la nsonga lija limalandira mphepo yonse, ndipo ikalowa pansi pa malata imatha kusasula denga. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 sanaiwalike kuchigawo chakummwera. Koma njira ilipo. Pakhale ring beam ya simenti ndi zitsulo kuzungulira nyumba yonse. Mitengo ya denga imangiriridwe kubimuko ndi waya kapena lamba wachitsulo, osati kungoisanjika pa njerwa. Pakhale mitengo yopingasa yogwira khoma la gebulo, ndipo malata asatuluke kwambiri kumapeto. Zinthu zimenezi muzipemphe zithunzi siling'i isanatseke.

Tagwirizana kuti kukongola tikufunefune pa khonde, penti ndi mawindo. Za denga tikukambiranabe Lamlungu lililonse, ndipo mvula ya Novembala siidikira kuti timvane. Amene muli pa mkangano ngati wathu, musanasankhe chithunzi chokongola pa Facebook, dzifunseni kaye kuti adzagone m'nyumbamo ndani, nanga likadontha adzakwere ndani.