Msana wa Munthu Wantchito: Mawu kwa Abale Anga a ku Phalombe

 Ndine mwana wanu wobadwira m'tsinde mwa phiri la Michesi, amene lero ndikusamalira okalamba kuno ku England. Ndipo ndaona kuti sikungakhale chilungamo kubisa mumtima zimene ndaphunzira za msana wa munthu wantchito, pakuti msanawo ndiwo chuma chokha chimene mmphawi anabadwa nacho.

Kuno, munthu asanakhudze wodwala kapena katundu wolemera, amayamba waphunzitsidwa kanyamulidwe: kuti atangadze miyendo, apinde mawondo, akumbatire katundu pafupi ndi thupi, ndipo pofuna kutembenuka asunthe mapazi m'malo mopotola chiuno. Koma chimene chinandigwira mtima koposa ndi chakuti lamulo lawo la mu 1992 limaika mtolo woyamba pa wolemba ntchito, amene ayenera kuyamba wafunsa ngati n'kofunikadi kuti katunduyo anyamulidwe ndi manja, ndipo ngati palibe kuchitira mwina, ayese kuopsa kwake ndi kukuchepetsa. Malangizo a boma amati katundu wopitirira makilogalamu 25 kwa mwamuna, kapena 16 kwa mkazi, ngakhale atagwiridwa bwino m'chiuno, ayenera kuyamba waunikidwa; thumba la simenti kuno ndi la makilogalamu 25, ndipo gogo wosatha kuima sitimukweza ndi mikono, koma ndi makina otchedwa hoist, nthawi zambiri tili awiri.

Kwathu thumba ndi la makilogalamu 50, la simenti, la feteleza kapena la nandolo. Ndipo nyengo yokolola ikafika, pamene magalimoto a ogula mbewu andanda pamsika, mudzaona mnyamata wa ganyu akuthamanga nalo paphewa kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kulowa, wanjinga akukankha matumba angapo pachitunda, mayi atasenza ndowa ya malita 20 mwana ali kumsana, nafenso timangoyamika kuti koma ndiye ngwamphamvu. Chiyambire namondwe wa Freddy mu 2023, ndi njerwa zingati, miyala ingati, zimene misana ya anthu athu yanyamula pomanganso nyumba? Msana sukalipa tsiku limodzi. Umasunga mangawa mwakachetechete, kufikira tsiku limene ululu utsikira m'mwendo, phazi lichita dzanzi, ndipo bambo amene akadali ndi ana aang'ono alephera kuwerama kuti agwire khasu. Pamenepo ena amati ndi nyamakazi, ena amati wapondetsedwa, nayamba kumutema mphini, osakumbuka matumba aja.

Wovulala kuno samuuza kuti akagone pamphasa kufikira atachira. Amamutumiza ku mafizo, kumene amaphunzitsidwa kulimbitsa minofu ya msana ndi ya pamimba pang'onopang'ono. Dokotala atha kulemba kuti abwerere kuntchito ndi maola ochepa kapena ntchito yopepuka. Ndipo wodwala amene analembedwa ntchito amalandira kangachepe kwa masabata ofika 28. Ifenso malamulo tili nawo: la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la mu 1997, ndi la chipukutamisozi cha ovulala pantchito la mu 2000. Tili ndi malo a Kachere ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, kumene ambiri aphunziranso kuyenda, ndipo kuchokera mu 2010 dziko lathu likuphunzitsa lokha akatswiri a mafizo. Koma waganyu amene dzina lake silinalembedwe m'buku lililonse adzaonetsa chiyani ku ofesi ya zantchito? Nanga ndalama yopitira ku Blantyre kawirikawiri adzaitenga kuti? Agogo athu anabwerako ku migodi ya ku Theba ndi zifuwa zowonongeka ndi misana yopindika. Sikoyenera kuti zidzukulu zawo zithere chimodzimodzi pakhomo pawo pomwe.

Musaganize kuti ndikutamanda za eni, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Antchito akachepa, lamulo limatsala papepala. Ndipo mlendo amene chilolezo chake chokhalira kuno chili m'manja mwa bwana wake amameza ululu poopa kuchotsedwa, navutika yekha m'kachipinda, wopanda womuthowa. Kwathu wodwala sasowa womulimira munda, kaya ndi abale kaya a mpingo. Ndipo amayi athu, amene sanalowepo m'kalasi la kanyamulidwe, amadziwa kupota nkhata, kuitana mnzawo kuti awatwike pachitsime, ndi kuitananso wina kuti awatule pakhomo. Nzeru yonyamula awiriawiri ndi yathu kuyambira kale, paja mutu umodzi susenza denga. Manyazi a amuna ndi changu cha ndalama ndizo zatiiwalitsa.

Chotero ndikupemphani, inu ogula mbewu ndi akapitawo a zomangamanga, kuti thumba lodzaza azinyamula anthu awiri, kuti mugule wilibala, ndi kuti wovulala pantchito yanu mumuike pa sikelo kapena pa kaundula m'malo momubweza kumudzi chimanjamanja. Inu mafumu athu ndi alangizi a zaumoyo, nkhaniyi ilowe m'misonkhano monga inalowera ya masikito ndi zimbudzi. Inu achinyamata, ululu ukapitirira masabata angapo pitani kuchipatala cha boma kapena cha Holy Family mukafunse za mafizo. Koma miyendo ikafooka, pakati pa ntchafu pakachita dzanzi, kapena mkodzo ukakanika kutuluka ngakhale kutuluka wokha, pitani tsiku lomwelo osachedwa. Ndipo ife a kunja, amene timatumiza ndalama za malata ndi simenti, tizifunsanso kuti adzazinyamula ndani, ndipo adzazinyamula motani. Amene muli ndi m'bale wa ganyu amene alibe foni, chonde muwerengereni mawuwa. Ambuye akusungeni nonse.